Kulowa Chisilamu uli m'ndende: za mumtima kapena za m'mimba?

Pa Biriwiri, msewu wa M1 ndiwo malire a dziko. Ukamachokera pa boma la Ntcheu kulunjika ku Dedza, kumanja ndi Malawi, kumanzere ndi maboma a Tsangano ndi Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi: amakwatirana, amalira maliro limodzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya Renamo ambiri a tsidya linalo anadzakhala kuno mpaka mtendere utabwera mu 1992. Koma malo amene dziko limathera pamsewu sachedwa kubala milandu. Wina wagwidwa ndi katundu wozemba msonkho, wina ndi ng'ombe yosowa mbali ino yopezeka mbali inayo, wina wavulaza mnzake pamowa tsiku la msika. Palinso alendo ochokera kutali, ku Ethiopia ndi ku Somalia, amene amagwidwa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu akufuna kudutsa kupita ku South Africa opanda zikalata. Onsewa njira yawo ndi imodzi: chitolokosi, khoti la pa boma, kenaka ndende ya Ntcheu. Wa chilango chachitali akhoza kukapezeka ku Zomba, ku Chichiri kapena ku Maula.

Kuno n'kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo Chikhristu chinafika kalekale. Ansembe a chipani cha Montfort anamanga mishoni pa Nzama mu 1901. Ku Mlanda, ku Gowa ndi ku Dombole nakonso kuli mishoni zakale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi onse, koma ochuluka ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota. Mnyamata wa m'midzi ya kumtunda kuno akhoza kukula mpaka kumera ndevu asanapondepo mumzikiti; adhana, mfuu yoitanira anthu ku mapemphero, amangoimvera patali ali pamsika. Yemweyo akamangidwa, amapezeka akugona phewa ndi phewa ndi munthu wa ku Namwera kapena ku Ntaja kwa miyezi, mwinanso zaka. Amamuona akudzuka m'bandakucha ena onse ali mtulo, akunong'ona mawu achilendo. Amayamba ndi kumuseka, kenaka kufunsa. Ena mwa ofunsawo amatuluka atanena shahada, umboni wakuti Mulungu ndi mmodzi yekha ndipo Muhammad ndi mtumiki wake. Akafika kumudzi, amalume ndi akulu ampingo umene unawabatiza amakhala ndi funso limodzi: zenizeni izi, kapena anangotsata mpunga wa Ramadhan?

Funsoli si lachipongwe. Aliyense amene anapitako kukaona m'bale kundende atanyamula kambale ka nsima akudziwa chimene limafunsidwira. Kuperewera kwake n'kwakuti limaima pa tsiku lolowera, osafunsa zimene zinamuchitikira munthuyo atalowa, ndi amene anamugwira dzanja.

Nkhaniyi ndi yakale ndipo si ya kwathu kokha. Wodziwika kwambiri ndi Malcolm Little wa ku America, amene anamangidwa mu 1946 pa mlandu wothyola nyumba. Ali m'ndende ku Massachusetts, abale ake anamulembera makalata omuuza za gulu la Nation of Islam. Anasiya fodya ndi nkhumba, anagwa m'mabuku, ndipo atatuluka mu 1952 dziko linamudziwa ndi dzina lakuti Malcolm X. Ambiri amaiwala kuti Chisilamu chimene anachipeza m'ndende sichinali chomaliza. Gulu lija linkaphunzitsa kuti azungu ndi ziwanda; atapita ku Makka mu 1964 n'kuima pamzere umodzi ndi anthu a khungu lililonse, chiphunzitsocho anachitaya. Anaphedwa chaka chotsatira. Masiku ano ku England ndi Wales, pa akaidi 100 alionse pafupifupi 18 ndi Asilamu, chonsecho kunja kwa ndende Asilamu sakwana 7 pa anthu 100. Ambiri anabadwiramo, koma oyendera ndende a dzikolo, mu lipoti lawo la 2010, anapeza kuti pafupifupi 3 mwa Asilamu 10 alionse amene anacheza nawo anali ochita kulowa.

Kwa Asilamu eni ake, ndende si yachilendo m'mbiri ya chipembedzo chawo. Sura ya 12 ya Qur'an imasimba za mneneri Yusuf, Yosefe yemweyo wa m'buku la Genesis, amene anaponyedwa m'ndende pa mlandu womunamizira, ndipo asanamasulire maloto a anzake awiri anayamba wawauza za Mulungu mmodzi. Mkaidi amene anakulira Sande sukulu nkhaniyi amaidziwa kale. Akaimva kwa mnzake wachisilamu amadabwa kuti Nowa, Abrahamu, Mose, ngakhale Yesu ndi Mariya, nawonso alimo, ndipo macheza ambiri amayambira pamenepo. Kummwera kwa Africa kuno, Chisilamu cha ku Cape Town chinakula ndi akapolo ndi akaidi. Tuan Guru, wa banja lachifumu la ku Tidore m'zilumba za Indonesia, anatsekeredwa ndi Adatchi pa Robben Island kuyambira 1780, ndipo ali momwemo analemba Qur'an kuchokera pamtima. Atatuluka anatsegula madrasa, ndipo dzina lake silisiyana ndi mzikiti wa Auwal wa 1794, woyamba ku South Africa.

Nanga chimakoka munthu n'chiyani? Ndende imalanda munthu ulamuliro pa tsiku lake. Wina ndiye amanena nthawi yodzuka, yowerengedwa, yodya, yotsekeredwa. Swala zisanu zimamubwezera ndandanda imene sinachokere kwa msilikali wa ndende kapena kwa nyapala, yoyendera dzuwa, imene amaisunga chifukwa wafuna yekha. Munthu amene moyo wake wonse unali wa lero ndi lero, wa kachasu m'mawa ndi ndewu madzulo, kasanu patsiku akusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kuima chete. Zimenezi zokha zimasintha munthu, ngakhale asanamvetse tanthauzo la mawu amene akunena.

Palinso manyazi. Usiku wa m'ndende ndi wautali, ndipo amene anapha mnzake ndi chibonga ataledzera amamuonabe. Chisilamu chimaphunzitsa kuti wolowa ndi mtima wonse machimo ake akale amafafanizidwa. Kwa munthu amene mudzi wonse wamutcha chigawenga, amenewa ndi mawu aakulu. Koma shehe wodziwa ntchito yake amawonjezera mbali imene ambiri safuna kuimva: zimene unalakwira anthu zimafuna anthu omwewo. Ng'ombe yobedwa iyenera kubwezedwa, wamasiye ayenera kupepesedwa. Shahada sifafaniza ngongole ya mnansi.

Khomo lolowera nalonso n'lalifupi. Kumpingo munthu amayenda kalasi miyezi kapena zaka asanabatizidwe. Kuno akakhulupirira, amanena umboni uja, kawirikawiri pamaso pa mboni, n'kusamba thupi lonse, basi ndi Msilamu, woyenera kupatsidwa salamu ndi kuima pamzere. Kufupika kumeneku ndiko mphamvu yake m'ndende, momwe munthu sadziwa ngati mwezi wamawa adzakhala ali pompo kapena atasamutsidwa. Ndiko kufooka kwakenso, chifukwa munthu akhoza kulowa asakudziwa kalikonse, n'kukhala choncho mpaka tsiku lotuluka.

Chitetezo sitingachibise. Mkaidi watsopano wopanda womuyendera amakhala pangozi. Kafukufuku amene bungwe la Penal Reform International linatulutsa mu 1999 anaonetsa kuti m'ndende za m'Malawi anyamata otere amagwa m'manja mwa akaidi akuluakulu, amene amawagwiritsa ntchito zosayenera posinthana ndi chakudya, bulangete kapena malo ogona. Kagulu ka anthu okutcha m'bale, okusungira malo, okugawira mchere ndi sopo, ndi mpanda weniweni. Kwaya ya mpingo imachitanso ntchito yomweyo. Ine sindiona cholakwika kuti mnyamata athawire kwa opemphera m'malo mothawira kwa omudyera masuku pamutu.

Tsopano za m'mimba. Mu 2009 Khoti Lalikulu, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu pamodzi ndi kusowa kwa mpweya n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mlanduwo unaulula zimene abale a akaidi ankadziwa kale: chakudya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Zaka zapita, koma akaidi akadali pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chimene ndendezo zinamangidwira, ndipo mu 2022 zinamveka kuti m'ndende zina ufa unatheratu, anthu n'kumagona ndi njala. Pa malo otere, galimoto yobwera ndi mpunga, shuga ndi mafuta mwezi wa Ramadhan kapena pa Eid siyingalephere kuonedwa. Alipo amene amavala kofia chifukwa cha galimotoyo, monganso alipo amene amakweza mkono kulandira Yesu Lamulungu lililonse pamene amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika abwera ndi sopo. Ndipo msewuwu uli ndi mbali ziwiri: mipingo yoyendera ndende ndi yambiri, kotero Msilamu wobadwa amene kwawo anamutaya nayenso akhoza kutuluka ali woimba kwaya.

Koma tisanaponye mwala, tikumbukire mmene zipembedzo ziwirizi zinalowera m'dziko muno. Agogo athu ambiri anayamba kalasi ya ubatizo chifukwa sukulu ndi chipatala zinali za mishoni. Mafumu achiyao monga Makanjira, cha m'ma 1870, analandira Chisilamu pa nthawi imene malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere ankafuna alembi ndi ubale. Lero palibe amene amauza zidzukulu zawo kuti chikhulupiriro chawo n'chabodza chifukwa gogo analowera pa khomo la sileti kapena la nsalu. Ndipo wotsata mpunga, Ramadhan yomweyo imamugwira. Kusala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, osamwa ngakhale madzi, uku ukudya kamodzi patsiku ndipo mwina uli pa ntchito yakalavulagaga kumunda wa ndende, si masewera amene wachinyengo angawapirire mwezi wathunthu. Chimene ndingatsutse ndi cha opereka: mphatso yofunsa kaye chipembedzo cha wolandira. Qur'an imayamikira odyetsa wam'nsinga osanena kuti akhale wa chipembedzo chiti. Thumba la mpunga likalowa m'ndende ya anthu anjala, ligawidwe kwa onse. Apo ayi, operekawo ndiwo akugula anthu, kaya ndi a mzikiti kaya ndi a tchalitchi.

Kulowa n'kosavuta. Chovuta ndi kukhala Msilamu m'selo ya ku Malawi, ndipo apa mpamene nkhani yonse yagona. Akaidi amatsekeredwa dzuwa likadali pamwamba, n'kudzatsegulidwa kutacha. Ndiye kuti swala ya kulowa kwa dzuwa, ya usiku ndi ya m'bandakucha, nthawi zinanso ya madzulo, zimapezera munthu m'kati. M'ndende zodzaza kwambiri, ongofika kumene amagona chokhala pakati pa selo, wina pakati pa miyendo ya mnzake, malo amene akaidi amawatcha shamba. Swala imafuna kuima, kuwerama ndi kugunditsa mphumi pansi utayang'ana ku Makka, kumene kuchokera kuno ndi kumpoto kupendekera pang'ono kum'mawa. Wa pa shamba alibe ngakhale potambasulira mwendo. Swala imafunanso ukhondo wa thupi, wa zovala ndi wa malo, pamene m'chipinda chomwecho muli ndowa kapena chimbudzi chimodzi cha anthu ochuluka, madzi ndi a m'kabotolo, ndipo malaya ndi omwewo usana ndi usiku.

Akatswiri a malamulo a Chisilamu zoterezi anaziganizira zaka mazana ambiri zapitazo. Madzi akasowa pali tayammamu: kumenya zikhatho pa dothi kapena fumbi loyera n'kupaka kumaso ndi m'manja. Wosatha kuima amapemphera chokhala, wosatha kugwada amangoweramitsa mutu. Wotsekeredwa salakwa akalephera kupita ku swala ya Lachisanu. Amapemphera ya masana m'malo mwake. Ndipo ngati akaidi afuna kuchita ya Lachisanu m'ndende momwemo, pamabuka kusiyana: chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene Asilamu ambiri achikuda m'Malawi amatsata, chimafuna amuna 40, pamene cha Imam Abu Hanifa, chofala pakati pa Asilamu ochokera ku India ndi Pakistan, chimalola ochepa chabe. Ku Zomba kapena ku Chichiri 40 akhoza kukwana. M'ndende yaing'ono ya pa boma n'zokayikitsa. Zonsezi zili ndi mayankho, koma wongolowa kumene angazidziwe bwanji? Popanda womuphunzitsa amachita chimodzi mwa ziwiri: amasiya kupemphera poganiza kuti swala yake ndi yodetsedwa, kapena amalimbana ndi anzake a m'selo kufuna malo ndi madzi amene palibe, mpaka Chisilamu chake chisanduke ndewu.

Ramadhan ili ndi zake. Nsima imaperekedwa masana, ndiye wosala ayenera kuisunga mpaka dzuwa litalowa, itazizira, ataibisa kwa anjala anzake, ndipo cha m'bandakucha palibe pokhapokha atabenthulako. Kukonza zimenezi sikufuna ndalama za boma. Kumafuna mkulu wa ndende wololera kuti osala asunge chakudya ndi madzi m'selo, kapena kuti mphika wawo uphikidwe mochedwerapo. Choopsa kwambiri ndi matenda. Chifuwa chachikulu ndi HIV n'zofala m'ndende, ndipo wolowa kumene, pofuna kuonetsa kuti ndi weniweni, akhoza kudumphitsa mankhwala. Chisilamu chimalola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo akapeza bwino. Mawu amenewa akachokera kwa dokotala yekha, mkaidi amawakayikira. Akachokera kwa shehe amawamva. N'chimodzimodzi ndi mdulidwe. Wolowa atakula amalimbikitsidwa kudulidwa, koma shahada yake siyidikira zimenezo, ndipo kuchita ndi lumo lobwerekana kuseri kwa selo n'kudziitanira imfa, chonsecho m'zipatala za boma ntchitoyi imachitika mwaukhondo.

Za halaal n'zoseketsa momvetsa chisoni: m'maiko olemera akaidi amasumira boma pa nkhani ya nyama yozingidwa bwino, pamene kuno mgaiwa ndi nandolo zilibe mlandu ndi chipembedzo chilichonse. Funso limabuka pa Khirisimasi pokha, wina akapereka nyama. Za imfa ndiye sizoseketsa. Msilamu amasambitsidwa, kukulungidwa m'sanda ndi kuikidwa msanga. Wolowera m'ndende akamwalira, mtembo umapita kwa abale amene mwina sanamvepo n'komwe kuti anasintha, ndipo kumudzi kumakhala kukangana pa bokosi ndi pa nyimbo. Kukanakhala kuti mkaidi akasintha chipembedzo zimalembedwa m'kaundula ndipo abale amauzidwa iye akadali moyo, mikangano yotere ikanachepa. Amayi ndi ochepa kwambiri m'ndende zathu, ndipo kuchepa komweko kumachititsa kuti aiwalike. Nawonso amafuna mpango wakumutu ndi mayi wodziwa chipembedzo wowayendera.

Malamulo ali kumbali ya mkaidi. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro, ndipo silinena kuti ufuluwo umatsala pa geti. Gawo 42 limanena kuti womangidwa, ngakhale wogamulidwa kale, asungidwe mwaulemu woyenera munthu, ndipo pa mndandanda wa oyenera kumuyendera pali mlangizi wa chipembedzo. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene mu 2015 anapatsidwa dzina la Nelson Mandela, pa nambala 65 ndi 66 amati ngati akaidi a chipembedzo chimodzi ali okwanira pakhale mtsogoleri wovomerezeka wowatumikira, mkaidi aloledwe kukhala ndi mabuku a chipembedzo chake, ndipo wokana kuyenderedwa asakakamizidwe. Mfundo yomalizayi ndi yofunika m'dziko limene mapemphero a gulu amachitika pabwalo limodzi, wofuna ndi wosafuna ali pompo.

Ku America ufulu umenewu anaumenyera m'makhoti ndi akaidi achisilamu. Mu 1964 khoti lalikulu la dzikolo linalola Thomas Cooper kusumira akuluakulu a ndende ya ku Illinois chifukwa chomukaniza mabuku a chipembedzo, ndipo chigamulocho chinatsegulira njira akaidi onse, Akhristu omwe. Mu 1987 khoti lomwelo linaikira kumbuyo ndende ina imene inaletsa ogwira ntchito kunja kubwerera ku swala ya Lachisanu, ponena za chitetezo. Mu 2015 linagamula kuti Gregory Holt wa ku Arkansas asunge ndevu zake zazifupi, chifukwa ndende inalephera kuonetsa choopsa chimene chingabisike m'menemo. Ndiye chitetezo chikhoza kuchepetsa ufulu, koma woletsayo ayenera kupereka chifukwa chomveka. Kwathu kuno mikangano yofanana nayo yachitikira m'sukulu: ya hijabu, imene inafika pa ziwawa kwa M'manga ku Balaka mu 2019 isanathe ndi mgwirizano wa 2021 umene bungwe la Public Affairs Committee linatsogolera, ndi ya tsitsi la ana achirasta, imene Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023. Tilinso ndi chilonda chakale. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka ndi m'ndende zina chifukwa chokana khadi la chipani, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Dziko limene linaona zimenezo siliyenera kusiya chikhulupiriro cha mkaidi m'manja mwa mtima wa amene ali pa ntchito tsikulo.

Pali mantha ena amene anthu amanong'ona, makamaka kuno kumalire chiyambire mu October 2017 pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique: kodi ndende sizingasanduke sukulu ya zauchifwamba m'dzina la chipembedzo? Zinachitikapo kwina. Richard Reid, amene anafuna kuphulitsa ndege ndi bomba la m'nsapato mu December 2001, analowa Chisilamu ali m'ndende ku England. Chérif Kouachi ndi Amedy Coulibaly, amene anapha anthu ku Paris mu January 2015, anadziwana m'ndende ya Fleury-Mérogis. Koma lipoti la 2010 lija linapezanso kuti mwa akaidi achisilamu a ku England ndi Wales, omangidwa pa milandu ya uchigawenga wotere sankakwana mmodzi pa 100, ndipo linachenjeza kuti kuwayang'ana onse ngati okayikitsa kukhoza kubala chinthu chomwe chikuopedwacho. Mark Hamm, amene anafufuza nkhaniyi m'ndende za ku America, anafika pa mfundo yofanana: ochita zoopsa ndi ochepa zedi, ndipo amamera m'ndende zodzaza, zachiwawa, zosowa atsogoleri a chipembedzo. Cabo Delgado ili kutali ndi Angonia, ndipo Chisilamu cha m'Malawi nthawi zambiri chakhala ndi anansi ake mwamtendere. Koma kudzaza, njala ndi kusowa kwa aphunzitsi tili nazo. Amene akuopa ayenera kukhala oyamba kupempha kuti mashehe odziwika azilowa m'ndende kawirikawiri, chifukwa shehe akapanda kubwera, mphunzitsi amakhala mkaidi wolankhula mokweza kuposa onse.

Ngakhale popanda zoopsazo, funso la mphunzitsi limakhalapobe. Asilamu a m'Malawi akhala akusiyana maganizo kwa zaka zambiri: a Qadiriyya amachita sikiri pa maliro ndi pa sadaka, a sukuti amati maliro ayende mwachete. Wolowera m'selo amatenga za amene wamupeza, n'kumayesa ndicho Chisilamu chonse, ndipo akatuluka akhoza kukatsutsa akuluakulu a mzikiti wa kwawo ndi nzeru za miyezi isanu ndi umodzi. Qur'an ilipo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Kukhala nayo m'selo kumathandiza, koma buku silimva funso.

Mayeso aakulu amadikira panja. Kumudzi kwa Angoni, mowa ndi nyama zili pakati pa ukwati, maliro ndi ngoma. Nkhumba ndi chuma cha pakhomo, mbewa ndi ndiwo komanso malonda a m'mbali mwa msewu. Wobwerayo akakana chipanda, akakana mbale, abale amamva ngati wawakana iwo. Mwina ntchito imene ankaidziwa inali yomweyo yotcheza kachasu kapena yootcha nkhumba pamsika. Apa mpofunika kudziwa zimene Chisilamu sichilamula. Sichilamula kusintha dzina pokhapokha ngati tanthauzo lake n'loipa, ndipo chimaletsa kudzichotsa pa dzina la bambo wako: wa kwa Maseko, Ngozo kapena Phiri amakhalabe yemweyo. Mwamuna sauzidwa kusiya mkazi wake wachikhristu. Makolo, ngakhale akhale a chipembedzo china, ayenera kulemekezedwa ndi kusamalidwa. Wophunzitsidwa bwino amabwera ndi ulemu woposa umene anapita nawo. Wophunzitsidwa theka amabwera akutcha amayi ake kafiri, ndipo mudzi umaweruza chipembedzo chonse poona iyeyo.

Mzikiti nawo uli ndi mayeso ake. M'ndende ankamutcha m'bale. Panja ndi Mngoni wosadziwa Chiyao kapena Chiarabu, wodziwika kuti anaba, ndipo anthu akavula nsapato pakhomo amamuyang'ana kawiri. Akapanda kulandiridwa kumeneko, kumudzi atamukayikira kale, amabwerera kwa anzake akale, amene safunsa mafunso. A Prison Fellowship Malawi anaona mpata umenewu n'kutsegula nyumba ku Balaka yophunzitsira ntchito zamanja anthu otsala pang'ono kubwerera kwawo. Asilamu ali ndi chida chawo, zakaat, imene mwa oyenera kuilandira muli osauka, angongole ndi ongolowa kumene m'chipembedzo. Wotuluka m'ndende nthawi zambiri amakhala zonse zitatu.

Pempho langa likupita kwa a Muslim Association of Malawi, a Qadria Muslim Association of Malawi ndi makomiti a mizikiti ya ku Ntcheu ndi Balaka. Chakudya cha Ramadhan pitirizani kupereka, ndipo perekani kwa onse. Koma sankhaninso shehe kapena mwalimu mmodzi wodziwika, mum'lembetse kwa mkulu wa ndende, azipitako sabata ndi sabata miyezi yonse 12, ndipo azidziwa tsiku limene wophunzira wake aliyense akutuluka ndi mzikiti umene ukamulandire. Chilolezo chake chili kale pa gawo 42.